Nyumba ya okalamba imangidwe pakati pa mudzi

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, ndipo mwa zina lamuloli linapatsa boma udindo wolembetsa ndi kuyang'anira nyumba zosungirako okalamba. M'mbuyomo, mu 2016, lamulo lina loona za kamangidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka malo linali litanena kale kuti dziko lonse, ndi midzi yomwe, lizitsata mapulani, pomwe kale zimenezi zinkakhudza matauni ndi madera ochepa osankhidwa. Choncho mpingo kapena munthu wakufuna kwabwino amene angafune kusunga agogo asanu kapena khumi m'dera la Mfumu Yaikulu Jenala ku Phalombe akuyenera kuyankha mafunso awiri. Loyamba ndi la malo: nyumbayo ikhala pati? Lachiwiri ndi la chisamaliro: okhalamo azidya chiyani, aziwasambitsa ndani, akadwala usiku zizikhala bwanji? Maganizo anga ndi akuti boma liziumitsa mtima kwambiri pa funso lachiwirili, koma pa loyambalo lisalole kuti mantha a anthu oyandikana nawo akhale chifukwa chokankhira okalamba kunja kwa mudzi. Tikasakaniza mafunso awiriwa tidzapeza nyumba zomangidwa kutali ndi anthu, zomwe palibe amene akudziwa zochitika m'kati mwake.

Ambiri amayamba ndi kukana nyumba zotere n'komwe. Amati n'zachizungu, kwathu kuno nkhalamba imasungidwa ndi ana ake. Mawuwa ali ndi nzeru, ndipo okalamba ochuluka ayeneradi kukhala pakhomo pawo mpaka tsiku lomaliza. Koma tiyang'ane bwino mmene mwambowo ukugwirira ntchito lero. Kwa Alomwe a ku Phalombe ukwati ndi wachikamwini, motero mayi amakalambira pakati pa mbumba yake, pa malo a makolo ake. Bambo ndi mkamwini, ndipo mkazi wake akatsogola, nthawi zambiri amayenera kubwerera kwawo kumene anachokako ali mnyamata, komwe alongo ake mwina anatha kale ndipo adzukulu a kumeneko sakumudziwa. Edzi inatenga ana ambiri amene akanasunga makolo awo. Otsalawo ena ali ku Blantyre, ena ku Mozambique, ena ku Joni, chifukwa m'boma lomwe kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 429,000 minda inachepa kalekale. Mtukula Pakhomo amabweretsa kandalama kogulira mchere ndi sopo, koma ndalama siitembenuza munthu amene wafa ziwalo kuti asachite zilonda pamphasa. Alipo ochepa amene alibiretu wowatungira madzi, ndipo nkhani ino ikukamba za iwowo.

Tsono nyumba yawo ikhale pati? Njira yooneka yaulemu ndi yoti afunsidwe anthu oyandikana nawo, akavomera imangidwe, akakana isamangidwe. M'dziko lathu lino njira imeneyi ndi yoopsa, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa ngakhale sitikonda kuchitchula pamsonkhano. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu anayi okalamba a banja limodzi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawaganizira kuti ndiwo analenga mphezi yomwe inapha mtsikana. Bungwe la MANEPO, lomwe limagwirizanitsa mabungwe oona za achikulire, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za okalamba omenyedwa, ootcheredwa nyumba ndi ophedwa pa nkhani za ufiti. Lamulo la 1911 limati kutchula mnzako mfiti ndi mlandu, koma silinachotse mantha m'mitima. Ndipo okalamba amene amafunikira kwambiri nyumba yowasunga ndi omwewo amene amaganiziridwa msanga: wamasiye wopanda mwana, wolankhula yekha, wodwala matenda oiwalaiwala amene amatuluka usiku osavala n'kupezeka m'mawa pakhomo pa eni ake. Kupatsa oyandikana nawo mphamvu yokana n'kupatsa mphekesera mphamvu ya lamulo. Palibe amene adzaimirire n'kunena kuti sakufuna mfiti pafupi ndi ana ake. Adzanena kuti malowo ndi odutsa ng'ombe, kapena kuti anasungira mdzukulu, ndipo chifukwa chenichenicho sichidzalembedwa papepala lililonse.

Zotere si za kwathu kokha. Mu 1985 khoti lalikulu la ku America linaweruza mlandu wa mzinda wa Cleburne ku Texas, komwe khonsolo inakana chilolezo cha nyumba yosungiramo anthu 13 olumala m'maganizo. Khonsoloyo inapereka zifukwa zingapo: oyandikana nawo akuopa, pafupi pali sukulu, malowo amatha kusefukira madzi. Oweruza anaona kuti pamalo omwewo khonsoloyo inkalola nyumba zogona alendo, zipatala ndi nyumba zina za anthu ambiri popanda chilolezo chapadera, ndipo anagamula kuti kukanako kunachokera pa tsankho lopanda maziko. Muyeso umene anagwiritsa ntchito ndi wothandiza kwa Jenala monga unalili ku Texas. Ngati pamalo pena pangaloledwe banja la anthu khumi, sukulu ya mkaka kapena tchalitchi, palibe chifukwa chokanizira agogo khumi. Chifukwa chilichonse chokanira chiyenera kukhala chimene chikanagwiranso ntchito pa wina aliyense.

Komabe nkhani ya madzi ija, yomwe ku Cleburne inali chonamizira, kwa Jenala ndi yeniyeni, ndipo apa ndi pamene khonsolo ya Phalombe ili ndi ntchito yaikulu. Derali lili m'chigwa chotsikira ku Nyanja ya Chilwa, ndipo madzi ochokera ku mapiri a Mulanje ndi Michesi amathera kumeneko. Mu Malichi 1991 napolo wa m'phiri la Michesi anapha anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno, n'kusamutsa oposa 600,000, ndipo Phalombe inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Madzi akamabwera usiku, wothawa mochedwa ndi amene amayendera ndodo. Tsono taganizani za malo amene mudzi umapereka mosavuta pamene minda ndi yochepa: m'mphepete mwa dambo, kufupi ndi mtsinje, kuseri kwa manda, kumene aliyense anakukana. Nyumba yokanidwa pakati pa mudzi imathera kumeneko, ndipo aliyense amapita kwawo atakhutira kuti nkhani yatha mwamtendere. Mafunso oyenera a anthu a mapulani ndi omveka. Kodi mu 2023 madzi anafika pamalopa? Kodi galimoto ingafikepo mu Febuluwale, matope a m'chigwa atachuluka? Mjigo uli patali bwanji, nanga chipatala chaching'ono? Wodwala wofunika kupita ku chipatala cha John Chilembwe ku Migowi, chomwe chinatsegulidwa mu 2022, angafikeko bwanji usiku? Mafunso onsewa akayankhidwa moona, amaloza pamtunda, pafupi ndi msewu, pamene anthu ena anamangapo kale.

Pali nkhawa ina yochokera kwa anthu okonda okalamba, ndipo siyoyenera kuipeputsa. Iwo amati kusonkhanitsa anthu oganiziridwa ufiti pamalo amodzi n'kuwaika chizindikiro, ndipo amatchula za kumpoto kwa Ghana, komwe midzi ngati wa ku Gambaga yakhala ikusunga amayi othamangitsidwa kwawo kwa zaka zambirimbiri, ena osabwereranso. Ndikuvomereza kuti ngoziyo ilipo. Koma chimene chimasandutsa nyumba kukhala msasa wa othamangitsidwa ndi kutalikira ndi kukula kwake. Nyumba ya anthu 60 yokhala ndi mpanda wautali kunja kwa mudzi imauza aliyense kuti m'katimo muli anthu oopsa kapena otayidwa. Nyumba ya anthu asanu ndi mmodzi yoyang'anana ndi makomo ena, imene amayi a mvano amalowamo Lachinayi, ana amatumidwako kukapereka ndiwo, ndipo agogowo amapita nawo kumaliro ndi kutchalitchi, imachita zosiyana. Anthu amazolowera kuona kuti woiwalaiwala uja ndi wodwala chabe. Komanso maso a mudzi amateteza okhalamo kwa owasamalira omwe, chifukwa agogo akayamba kuwonda kapena kukhala ndi zipsera pali wina amene aona lisanathe sabata.

Nanga mafumu? Malo ambiri kwa Jenala ndi a makolo, ndipo palibe chitukuko chimene chingakhazikike nyakwawa ndi gulupu atachifulatira. Lamulo la malo a m'midzi la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi gulupu, okhala ndi amayi m'kati mwake, ndipo Phalombe inali limodzi mwa maboma oyamba kuyeserako kalembera wa malowa. Komitiyi ndiyo iyenera kutsimikiza kuti malowo ndi a ndani, malire ake ali pati, ndipo palibe amene akulandidwa munda. Ntchitoyi ndi yofunika, pakuti nyumba yomangidwa pa malo ongopatsidwa pakamwa imagwa m'mavuto woperekayo akamwalira, mbumba yake ikayamba kufunsa. Anthu a m'mudzi amvedwenso, ndipo dandaulo la chimbudzi choyandikira chitsime kapena njira yotsekedwa likonzedwe. Chimene ndikukana n'chakuti kumva anthu kusanduke kuwerenga manja a okana. Amene akukana apereke chifukwa, chifukwacho chilembedwe, ndipo wokanidwa akhale ndi kokadandaula. Mfumu yanzeru ipindula nazo zimenezi, chifukwa ikapanikizidwa ndi anthu amantha idzatha kuwauza kuti lamulo silikuilola kukana popanda chifukwa chomveka.

Kufewa konseku kuthere pa nkhani ya malo. Pa chiphaso cha chisamaliro boma lisanyengerere munthu. Mu 2016 akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Gauteng ku South Africa anachotsa odwala maganizo m'zipatala za Life Esidimeni n'kuwagawa kwa timabungwe tosiyanasiyana pofuna kupulumutsa ndalama. Anthu 144 anamwalira, ambiri ndi njala, ludzu ndi kusowa chisamaliro, ndipo kafukufuku wa nkhaniyi anapeza kuti mabungwe 27 amene analandira odwalawo analibe ziphaso zovomerezeka. Sanali okalamba onse, koma anali ngati agogo athuwa pa chinthu chimodzi: sakanatha kutuluka pakhomo kukadandaula. Munthu wotere moyo wake wonse uli m'manja mwa womusunga, ndipo mtima wabwino wa tsiku lotsegulira suuza aliyense mmene zinthu zidzakhalire chaka chachitatu, thandizo litaphwa, ufa utatha, wantchito mmodzi akuyang'anira anthu khumi usana ndi usiku osalipidwa.

Ena adzati malamulo okhwima adzafooketsa anthu ochepa amene akuyesetsa. Ntchito ngati ya Mai Mbambande, imene Deborah Mbale anayambitsa posunga okalamba kumudzi m'boma la Lilongwe, inayamba ndi chifundo cha munthu, osati ndi mafomu a boma, ndipo mpingo wa kwa Jenala ulibe ndalama zoyendera maulendo a ku Capital Hill. Yankho lake ndi kusiyanitsa kukhwima ndi kudula. Chiphaso chiziperekedwa ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu ku Phalombe konko, popanda ndalama zambiri, ndipo chisafune matailosi kapena siling'i. Chifune zinthu zimene zimasunga moyo: chimbudzi chimene wopuwala angalowemo, khomo lopanda masitepe, moskito neti pa bedi lililonse, chakudya chodziwika kochokera kwa miyezi ingapo kutsogolo, wina wogona pomwepo usiku, mgwirizano ndi alangizi a zaumoyo oti aziyeza BP ndi shuga, ndi buku lolembamo aliyense wolowa, wodwala ndi womwalira. Chifunenso zinthu ziwiri zimene zimaiwalika. Gogoyo avomere yekha kulowa, ngati nzeru zake zikadali bwino, chifukwa pali abale amene angakondwe kumusamutsa kuti atenge munda ndi nyumba ya malata. Ndipo ndalama zake za Mtukula Pakhomo kapena penshoni zilembedwe poyera, kuti nyumbayo isasanduke njira yodyera m'dzina la okalamba, monga zinachitikira ndi malo ena osungirako ana amasiye amene ankatsegulidwa osalembetsa.

Vuto lenileni lili pa kuyendera. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu m'boma ili ndi antchito ochepa ndi mafuta ochepa, ndipo chiphaso chosatsatiridwa ndi ulendo wadzidzidzi ndi pepala chabe. Apa ndi pamene mafunso awiri aja akumananso. Nyumba ya pakati pa mudzi ikhoza kuyenderedwa mwezi uliwonse ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo limodzi ndi membala wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, lipoti lawo n'kumapita kwa bwanamkubwa, pomwe ofesala wa ku boma amabwera kangapo pachaka osanena tsiku. Nyumba ya kudambo ikafika nyengo ya dzinja siifikika ndi aliyense wa iwo. Khonsolo ya Phalombe isadikire kuti wina abwere ndi pempho kenako mkangano ubuke. Pokonza mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo ndi makomiti a kwa Jenala, ipatuliretu malo okwera pafupi ndi zipatala zazing'ono ndi misika, monga imachitira ndi malo a sukulu, ndipo ilembe kuti pamalo okhala anthu nyumba yosunga okalamba osapitirira khumi iziwerengedwa ngati khomo lina lililonse.