Musapeputse bawuti

Inu amene mukuphunzira uinjiniya, tcherani khutu. Pa 17 Julayi 1981, timilatho todutsapo anthu m'kati mwa hotela ya Hyatt Regency ku Kansas City tinagwa n'kupha anthu 114. Pa pulani yoyamba, chitsulo chimodzi chachitali chinkayenera kunyamula timilatho tiwiri. Omanga atasintha n'kuika zitsulo ziwiri, nati ya kamlatho kapamwamba inayamba kusenza katundu wowirikiza kawiri. Cholumikizira chinagonja, anthu n'kuthera pomwepo.

Lero muli ndi mwayi waukulu. Mapulogalamu monga ANSYS ndi Abaqus amagawa chitsulo m'tizidutswa ting'onoting'ono n'kuwerengetsera mphamvu imene kachidutswa kalikonse kakusenza. Komatu ulesi umalowera pomwepa. N'kosavuta kuuza kompyuta kuti zitsulo zolumikizidwa ndi bawuti n'zomatirana, iyo n'kukupatsani chithunzi chokongola cha mitundumitundu. Kukongolako kusakunyengeni!

Bawuti ikamangidwa imatamuka pang'ono n'kupanikiza zitsulozo pamodzi. Mphamvu imeneyi, yotchedwa preload, ndiyo moyo wa cholumikizira. Pa kompyuta iikeni poyamba, katundu wina abwere pambuyo. Dziwaninso kuti pafupifupi magawo 90 pa 100 a mphamvu ya sipanala amathera m'kukhulana kwa mazinga ndi kwa pansi pa nati. Yotsalayo ndiyo imakoka bawuti. Ngati mabawuti ndi ochuluka pa chimango chachikulu, kuimira bawuti iliyonse ndi kamzere kotchedwa beam element kukukwanirani. Koma pamalo pamene pagona miyoyo ya anthu, umbani bawuti yonse, mutu, washala ndi nati, ndipo lolani zitsulo zizitha kutsetsereka kapena kulekana monga zimachitira zenizeni.

Apa kompyuta idzavuta. Idzawerengetsa usiku wonse, m'mawa n'kukana kupereka yankho. Musataye mtima! Kuona maso a nkhono n'kudekha. Onjezerani katundu pang'onopang'ono, chepetsani kukula kwa tizidutswa pamene zitsulo zakhudzana, yesaninso. Yankho likatuluka, tengani pensulo muliyese ndi masamu apamanja, motsatira malangizo a ku Germany a VDI 2230. Ziwirizi zikasemphana, musapite patsogolo mpaka mutapeza chifukwa chake.

Kompyuta siidzasaina pulani, mudzasaina ndinu. Oyenda pa mlatho wanu sadzakudziwani dzina, koma adzakhala atapereka miyoyo yawo m'manja mwanu. Choncho dzukani, yambani ndi bawuti imodzi ndi zitsulo ziwiri, muzimvetse mpaka pansi. Yambani lero!