Mwala ndi Lilime

Pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi pali boma la Luangwa, limene dzina lake lakale ndi Feira, ndilo liu la Cipwitikizi lotanthauza msika. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo, m'dziko la Mozambique. M'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi anamanga nyumba za miyala m'malo amenewa, nagula golide, minyanga ya njobvu ndi akapolo. Kodi cimene cisunga mbiri ya malo otere nciani, mwala kapena lilime?

M'mwezi wa Januwale 1856, David Livingstone anafika pokomana mitsinje iwiriyi. Anapeza bwinja la nyumba yopemphereramo, ndi belu losweka lili gone pansi, lokhala ndi mtanda ndi malemba atatu, I.H.S. Koma anthu a pamenepo sanathe kumuuza dzina limene eni nyumbazo anapatsa mudzi wao, ngakhale kuti panali pasanapite zaka zambiri cicokere amalonda aja. Zipupa zinalipo, koma zinalibe wozilankhulira.

Nkhani ya Angoni ndi yosiyana. M'mwezi wa Novembala 1835, Zwangendaba ndi anthu ake anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo. Iwo sanasiye cipupa kapena belu. Koma okalamba anauza ana ao kuti tsiku lija dzuwa linada usana, anawo nauzanso ana ao. Pambuyo pake anthu odziwa mayendedwe a dzuwa ndi mwezi anawerenga, napeza kuti kadamsana anacitikadi mwezi umenewo, motero nthawi ya kuolokako idziwika kufikira lero. Apa lilime linapambana mwala. Komabe lilime liikidwa m'manda pamodzi ndi mwini wake, ndiponso nthawi zina lionjeza kapena kubisa. Cifukwa cake mwala ufuna munthu woufotokoza, ndipo mau afuna malo amene mwana angaone ndi kukhudza.

Alipo ena amene anena kuti, “Tsobola wakale sawawa. Kusungiranji mabwinja a anthu ogula anzao? Kanyemba ndi Matakenya, amene asilikali ao anagwira anthu m'cigwa cino, ayenera kuiwalika.” Mau awa sali opusa, pakuti zidzukulu za ogwira ndi za ogwidwa lero zikwatirana, ndipo zipha nsomba m'madzi amodzi. Koma woiwala wogwira aiwalanso wogwidwa. Kapolo analandidwa mudzi ndi mfunda wake. Akafafanizidwanso m'mbiri, ndiye kuti wagulitsidwa kaciwiri. Kusunga bwinja sikutamanda womanga, koma kukana kuti coipa cinamizire kuti sicinacitike.

Tsono nchito imeneyi siyembekeza. M'mwezi wa Malici 1978, asilikali a Rhodesia anaponya mabomba pa Kavalamanja, m'boma lomweli, ndipo anthu anafa. Amene anaona zimenezi ndi maso akukalamba. Mwana wa sukulu wokhala pa mphasa ya agogo ake, nalemba kapena kujambula mau ao m'cilankhulo cao comwe, acita cimene sicidzathekanso maliro akacitika.

Mlendo wolemba mabuku nayenso ali ndi mangawa. Iye abwera, afunsa akulu a kwa Mburuma ndi kwa Mphuka, napita ndi mau ao kutali. Akapanda kubwerera, afanana ndi amalonda aja amene anatenga minyanga nasiya belu losweka. Ayenera kubweranso, akhale pa bwalo, awerenge zimene analemba, ndi kulola eni nkhani kumkonza pamene walakwa. Pakuti mlendo angabwereke mbiri, koma eni ake ndi iwo amene makolo ao agona m'nthaka imeneyo.