Tulutsani Mizukwayo M'makope, Ilowe M'buku

Alembi anzanga, inu amene mumalemba nkhani zoopsa usiku n'kuzibisa m'kope la pansi pa matiresi kapena m'foni yosweka galasi, ndabwera kwa inu. Zimene mukubisazo anthu akuzifuna. Wokayika akwere minibasi m'mawa, dzulo lake wailesi ya MBC itaulutsa Nkhani za m'maboma. Amva anthu osadziwana n'komwe akulandizana mawu za bambo amene akuti anapezeka mbandakucha ali buno bwamuswe pa mtumbira wa mbatata, lichero lili pambali. Wina akuseka, wina akulumbira kuti kwawonso zinachitikapo, kondakitala mpaka waiwala kubweza chenji. Ndiye mutsike, mulowe m'sitolo ya mabuku, mufunse buku la nkhani zoopsa za m'Chichewa. Kawirikawiri akulozerani shelefu ya mabuku a mayeso. Omvera alipo, nkhani zilipo, olemba mulipo. Chikusowa ndi buku, ndipo palibe amene adzatibweretsere bukulo kuchokera kunja.

Vuto la nkhani yaifupi tonse tikulidziwa: payokha siyenda. Masamba 8 palibe wosindikiza angawapangire chikuto, palibenso wogulitsa angawapatse malo. Mlembi wachinyamata amene ali ndi nkhani imodzi yakupsa amauzidwa kuti adikire mpaka zichuluke, ndipo ali chidikirire, ntchito, banja ndi ana zimam'peza, cholembera n'kuuma. Mankhwala ake ndi kusonkha. Alembi 12, aliyense nkhani imodzi, mkonzi mmodzi, chikuto chimodzi. Ndi chipereganyu chenicheni: aliyense amaponya kochepa, koma chotulukapo n'choti mmodzi payekha sakanachikwanitsa. Ndipo mlembi sabwera ndi nkhani yokha. Amabwera ndi azakhali ake, anzake a kuntchito, a kwaya, ophunzira ake. Wogula amatsegula bukulo chifukwa cha dzina limodzi lomwe akulidziwa, pomaliza n'kukhala atadziwa mayina ena 11.

Asakunamizeni munthu kuti buku losonkha ndi la anthu amene alephera kulemba lawolawo. M'chaka cha 1816, m'nyumba yotchedwa Villa Diodati m'mphepete mwa nyanja ya Geneva ku Switzerland, mvula inatsekera achinyamata angapo m'nyumba kwa masiku. Chaka chimenecho nyengo inasokonekera ku Ulaya chifukwa cha phulusa la phiri la Tambora, lomwe linaphulika ku Indonesia mu 1815. Posowa chochita, anayamba kuwerengerana buku lotchedwa Fantasmagoriana, mtolo wa nkhani za mizukwa za Chijeremani zomasuliridwa m'Chifalansa. Zitawalowa, Lord Byron anati aliyense alembe yake. Mtsikana wa zaka 18 amene anali pagululo, yemwe dziko limam'dziwa kuti Mary Shelley, anayamba Frankenstein, buku lomwe linatuluka mu 1818. Dokotala wa Byron, John Polidori, analemba The Vampyre ya mu 1819, kholo la nkhani za zilombo zoyamwa magazi zomwe zinadzafika pa Dracula mu 1897. Mtolo wa nkhani umene lero ndi ochepa amautsegula unabala zilombo ziwiri zomwe zikudyetsa opanga mafilimu mpaka pano. Inu simungadziwe kuti buku lanu lidzagwera m'manja mwa mtsikana uti wa Fomu 3 ku Ntcheu, ndi chimene adzalembe akadzalitseka.

Ku Britain, mabuku a Pan Book of Horror Stories anatuluka motsatizana kuyambira 1959 mpaka 1989, onse pamodzi 30. Ku America, Stephen King ali kale ndi dzina lalikulu anapereka nkhani yake ya The Mist ku buku losonkha la Dark Forces la mu 1980, lokonzedwa ndi Kirby McCauley, n'kuima pamzere umodzi ndi anzake.

Mwina muti, amenewo ndi azungu, ali ndi ndalama ndi masitolo. Chabwino, tibwere kuno. Mu 1938 ku Nigeria, mphunzitsi wina dzina lake D. O. Fagunwa anatulutsa buku la mlenje wolowa m'nkhalango ya mizimu, ndipo analilemba m'Chiyoruba, chilankhulo cha amayi ake. Anthu akwawo analiwerenga mpaka Wole Soyinka anadzalimasulira m'Chingerezi mu 1968. Fagunwa sanayambe wapempha chilolezo ku London. Nuzo Onoh, mayi wa Chiigbo, anatulutsa mtolo wa nkhani za mizukwa yakwawo, The Reluctant Dead, mu 2014, ndipo mu 2023 bungwe la Horror Writers Association linam'patsa ulemu wa ntchito ya moyo wake wonse. Kuno kwathu komwe, Shadreck Chikoti ndi anzake anatulutsa Imagine Africa 500 mu 2015, buku la nkhani zolingalira za Africa wa m'tsogolo, lokonzedwa ndi Billy Kahora wa ku Kenya, momwe alembi a ku Malawi monga Muthi Nhlema anaima limodzi ndi a maiko ena. Limenelo si la nkhani zoopsa ndipo ndi la Chingerezi, koma linaonetsa poyera kuti buku losonkha lingabadwire ku Lilongwe n'kumveka kutali. Njira inalambulidwa kale. Yatsala ndi miyendo yathu.

Ndipo zolemba tili nazo zambiri, mwina kuposa onsewa. Tili ndi Sapitwa pa phiri la Mulanje, kumene akuti ukapeza chakudya chokonzakonza udye wekha osaitana mnzako. Tili ndi Napolo, amene Steve Chimombo anam'tenga n'kum'sandutsa ndakatulo, ndipo anthu a ku Zomba ndi ku Phalombe amadziwa zimene amasiya akadutsa. Tili ndi ndondocha zogwira ntchito usiku m'chigayo cha munthu wolemera modabwitsa, fisi wokhala ndi mwini wake, kadzidzi wolira padenga pa nyumba ya wodwala. Koma ndikupempheni, musangokopera zimene agogo ananena. Zibweretseni m'nyumba ya lero. Taganizani za mayi wamasiye ku Ndirande. Maliro a mwamuna wake aikidwa masiku anayi apitawo, achibale abalalika, magetsi azima, ana agona pamphasa. Foni yake ikuwala: uthenga wopempha kuti aimbe, wochokera ku nambala ya malemu. Simu khadi ya malemuyo ili m'kambale pa windo, akuiona ndi maso ake. Lachisanu madzulo foni ikuliranso, walandira K2,000, ndalama yomweyo imene bamboyo ankatumiza ya ndiwo. M'nyumba mulibe ufa. Mawa akatape ndalamayo kapena ayi? Pamenepo palibe magazi, palibe chilombo cha nyanga, koma wowerenga thupi lonse lachita tsemwe, chifukwa akudziwa kuti iyeyo akanatapa. Mantha amene amagwira munthu ndi amene alowera pakhomo la zosowa zake. Nkhani zoterezi palibe mlendo angatilembere.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene sitingachilumphe. Kwathu kuno mantha amapha anthu enieni. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu okwiya. Agogo akumenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la mu 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Abale athu achialubino akhala akusakidwa chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo zimalemeretsa. Mlembi wa nkhani zoopsa m'dziko lotere ali ndi udindo wolemera. Ngati nkhani yanu ikungotsimikizira kuti nkhalamba yofiira maso ndiyo inadya mwana, mwanolera chikwanje anthu opha. Tembenuzani nyali. Lowani m'nyumba ya agogowo, mukhale nawo pamene akumva phokoso la gulu likuyandikira, akuzindikira mawu a mdzukulu amene anam'lera yekha. Nkhani imeneyo ndi yoopsa kuposa ya lichero, ndipo wowerenga akaimaliza dzanja lake limalemera kutola mwala. Mkonzi wa buku losonkha akhale maso pa zimenezi kuposa pa china chilichonse.

Za mkonziyo tikambe, pakuti buku limaima kapena kugwa pa iye. Asankhidwe munthu wowerenga kwambiri ndi wouma mtima pang'ono. Alengeze poyera chimene akufuna: mutu umodzi womanga buku lonse, kaya ndi chigayo, kaya ndi nyanja, kaya ndi usiku wa m'chipatala, kutalika kwa nkhani, tinene mawu 2,000 mpaka 4,000, ndi tsiku lotsekera losasuntha. Nkhani zikafika, wina azichotse mayina mkonzi asanaziwerenge. Tikudziwana tonse, alembi m'dziko muno ndife ochepa, ndipo chinzake chimaononga mabuku ambiri kuposa kusowa kwa ndalama. Nkhani ya mlamu wanu ikakhala yofooka, ibwerere. Yosankhidwa nayonso isalowe momwe yabwerera: mkonzi aibweze kawiri, katatu, mpaka ndime zoyamba zongozungulira zitadulidwa, mpaka mathero akuti "anadzidzimuka, anali maloto" atachotsedwa. Kenako kusanja. Yoyamba ikhale yogwira pakhosi, chifukwa ndi imene munthu amasuzumira ataima m'sitolo. Ziwiri zofanana zisatsatane. Yamphamvu kuposa zonse itseke buku.

Inu otumiza, kukanidwa kusakugwetseni mphwayi. Mkonzi akati ayi, wanena za nkhani imodzi pa buku limodzi. Ikonzeni, itumizeni kwina, ndipo muyambe ina tsiku lomwelo.

Za ndalama musachite nazo manyazi. Pakhale pangano lolembedwa, ngakhale la tsamba limodzi, lonena kuti nkhani ndi ya mlembi, kuti bukuli langopatsidwa ufulu woyamba kuisindikiza kwa nthawi yakutiyakuti, ndi kuti mlembi alandira zingati ndi makope angati. Ndalama ikachepa ichepe, koma ituluke. Mlembi amene walandirapo kangachepe pa nkhani yake amalemba ina mosiyana ndi amene anangouzidwa kuti atchuka. Kalembetseni ntchito yanu ku COSOMA, katengeni nambala ya ISBN ku National Archives ku Zomba, ndipo pezani mphunzitsi wa Chichewa wosamala awerenge buku lonse lisanapite ku makina. Wowerenga akapunthwa pa mawu olembedwa molakwika, mantha onse amene munam'kulungira amabalalika.

Buku likatuluka, ntchito ndiye yayamba. Mwambo wathu wokhazikitsa buku mu holo masana, mlendo wolemekezeka n'kugula kope limodzi pa mtengo waukulu, umathandiza kubweza ngongole ya kosindikiza, sindikukana. Koma suchulukitsa owerenga. Makatoni amabwerera kunyumba n'kukagona pansi pa bedi mpaka chiswe chitawapeza. Nkhani zoopsa zili ndi mwayi umene mabuku ena alibe: zimakoma kumva ndi khutu, ndipo anthu athu anakulira pa nthano za pamoto. Choncho khazikitsani buku lanu madzulo, nyali zitachepetsedwa, mlembi aliyense awerenge mokweza. Pitani ku mawailesi a m'madera, monga Dzimwe ku Mangochi kapena Mudzi Wathu ku Mchinji, mupemphe mphindi 10. Werengani mpaka pamene chitseko chagogodedwa kachitatu, ndiye mulekeze pomwepo, munene kumene bukulo likupezeka. Jambulani mawu omwewo muwaponye pa WhatsApp ndi pa Facebook, pansi pake nambala ya Airtel Money kapena Mpamba. Perekani nkhani imodzi yaulere yoti iyende, koma buku lonse musalimwaze pa foni, chifukwa likangotuluka kamodzi silibwereranso.

Aliyense mwa alembi 12 aja atenge makope ake ayende nawo. Wa ku Mzuzu agwire Mzuzu, wa ku Balaka agwire Balaka. Makalabu a alembi m'masukulu a sekondale akudikira munthu woti awayendere. Kaimeni pamaso pa anawo, muwawerengere, muwasiyire kope ku laibulale. Musaiwale abale athu a ku Johannesburg ndi ku Chipata, amene Chichewa cholembedwa bwino amachisowa. Ndipo potamanda, tamandani nkhani ya mnzanu osati yanu yokha. Anthu sakhulupirira munthu wodziyamikira, koma mlembi akati "werengani ya mnzangayu, ine inandisowetsa tulo," amatsegula chikwama.

Adzapezeka ena okuuzani kuti zimenezi n'zausatana, kuti Mkhristu kapena Msilamu wabwino salemba za mizukwa. Ayankheni mwaulemu koma mosagwedera. Agogo athu amene ankatisimbira za zilombo zomeza mudzi wonse anali anthu opemphera, ndipo ankadziwa chimene akuchita: mwana amene wakumana ndi mantha ali pamwendo pa agogo ake amaphunzira kuwapirira. Nkhani yoopsa imatilola kuyang'ana imfa, umbombo, nsanje ndi chisoni popanda wina kuvulala. Imeneyo ndi ntchito yolemekezeka, ndipo simuyenera kuigwira mobisala.

Tsono sabata ino isathe musanaimbire anzanu awiri olemba. Gwirizanani za mutu, sankhani mkonzi, ikani tsiku, lengezani. Musadikire thandizo la bungwe lililonse. Makope 300 osindikizidwa ndi ndalama zosonkha ndi okwanira poyambira. Pachikuto mulembepo kuti Buku Loyamba, ndipo patsamba lomaliza muikepo kale mutu wa buku lachiwiri ndi tsiku lotsekera kulandira nkhani zake.