Nyanga ya Nsatsi ndi Chikho cha Mowa

Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Ndi mwambi wa kholo lomwe latopa kubwereza mawu amodzimodzi kwa mwana wosamva. Nsatsi aliyense amaidziwa: imamera yokha m'mabwinja ndi kuseri kwa makola, tsinde lake ndi lofewa, ndipo m'kati mwake muli mphako. Mwana akaona akuluakulu ali ndi nyanga yeniyeni, yolimba, yokhala zaka, naye amafuna yake, ndipo amaloza tsinde la nsatsi poti ndi lomwe lili pafupi. Kholo limadziwa kuti chinthucho sichikhalitsa, koma silikangana naye. Limatenga mpeni, n'kusema, n'kumupatsa. Dzuwa likangowomba, nyangayo imakwinyika m'manja mwa mwini wake, ndipo mwana amaphunzira yekha zomwe kukalipa kukanalephera kumuphunzitsa.

Pali makolo kuno ku Mchinji, monganso kwina, amene amabwereka mwambiwu akamakamba za mowa ndi ana awo a zaka 14, 15 kapena 16. Amati: "Bola amwere pakhomo pano ine ndikumuona, kusiyana n'kukamwa kachasu kumsika." Ena amati: "Musiyeni alawe, akamva kuwawa kwake asiya yekha." Makolowa si osasamala ayi, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Boma lino lili pamsewu wa M12 wochoka ku Lilongwe kukalowa m'Zambia pachipata cha Mwami, ndipo magalimoto akuluakulu, amalonda ndi osintha ndalama sasowa. Mtedza ndi soya zikagulitsidwa, ndalama imayenda pa Kamwendo, pa Kapiri, pa Mkanda ndi pa Waliranji. Mnyamata wopalasa kabaza kapena wonyamula matumba pamsika amabwerera madzulo ndi yake m'thumba, yomwe bambo ake sakuidziwa. Kholo likuona kuti mowa wamuzungulira mwana mbali zonse, ndipo likufuna kuti akakumane nawo ataudziwa kale. Komabe ine ndikuti mwambi wa nsatsi sugwira ntchito pamenepa, ndipo chifukwa chake chili mu mwambi momwemo.

Kuti nzeru ya mwambiwu itheke, pafunika zinthu ziwiri. Chomwe mwana wapatsidwa chikhale chosavulaza, ndipo chimukhumudwitse msanga, iye akuona. Mphunzitsi mu mwambiwu ndi kukhumudwako. Tsono mowa sukhumudwitsa woyamba kumene. Ukhoza kuwawa pakamwa, koma pakangopita mphindi zochepa mnyamata wamanyazi uja amapeza pakamwa patseguka, akuseketsa anzake, akudziona ngati bambo. Mtsikana wodzikayikira amamva mtima ukupepuka. Phunziro lomwe ubongo umatola usiku umenewo ndi lakuti m'chikhomu muli mankhwala a manyazi ndi nkhawa, ndipo phunziro lotere silichedwa kukhazikika. Kufota kumabwera ndithu, koma patapita zaka, ndipo chofotacho si chikho, ndi munthuyo: sukulu yosiyira Fomu 2, mimba yosakonzekera, ngozi ya njinga yamoto, chiwindi chotupa. Madokotala amanena kuti mbali ya kutsogolo ya ubongo, yomwe imathandiza munthu kudziletsa ndi kuyeza zotsatira za zochita zake, imamaliza kukhwima munthu akamayandikira zaka 25. Kuuza mwana wa zaka 15 kuti aphunzire kumwa modziletsa n'kumupempha kuti agwiritse ntchito mbali ya ubongo yomwe sinakhwime, yomwenso mowawo ukuifooketsa pa nthawi yomweyo.

Izi si zongoganiza. Ku United States, kafukufuku wa Bridget Grant ndi Deborah Dawson yemwe anatuluka mu 1997 anapeza kuti mwa anthu amene anayamba kumwa ali ndi zaka 14 kapena kucheperapo, oposa 40 pa 100 alionse anadzafika pokhala akapolo a mowa nthawi ina m'moyo wawo, pomwe mwa amene anayamba ali ndi zaka 20 kapena kuposerapo anali pafupifupi 10 pa 100. Wina anganene kuti amenewo anayambira kutchire, osati pamaso pa makolo. Funso lomwelo analifufuza ku Australia. Gulu lotsogoleredwa ndi Richard Mattick linatsatira achinyamata oposa 1,900 pamodzi ndi makolo awo kwa zaka zisanu ndi chimodzi, kuyambira ali ndi zaka pafupifupi 12 mpaka 18, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya The Lancet Public Health. Ana opatsidwa mowa ndi makolo awo sanatetezeke. Ankaledzera ndi kugwa m'mavuto a mowa kuposa anzawo omwe sanapatsidwe ndi aliyense. Chinanso chomwe kholo lililonse liyenera kumva ndi ichi: mwana amene ankalandira mowa kwa makolo okha chaka chino, mwayi woti chaka chamawa aziupezanso kwa anthu ena unkachuluka kawiri.

Pamenepa ndi pomwe mfundo ya "bola amwere pakhomo" imagwera. Kholo limaganiza kuti chikho cha pakhomo chilowa m'malo mwa botolo la kumsika, koma chimangowonjezera. Mwana samva malire onse omwe bambo ake aika, akuti pano pokha, pang'ono pokha, ine ndilipo. Amamva chimodzi: mowa waloledwa. Ndipo mnzake akamukoka tsiku la msika, wataya yankho lomwe limapulumutsa ana ambiri popanda kuwachititsa manyazi, lija loti "kwathu akamva fungo andimaliza." N'zoona kuti ana ena adzamwabe mobisa ngakhale kholo likane. Koma kumwa mobisa kuli ndi zotchinga zake: ndalama, mantha, fungo lofunika kubisa, nthawi yobwerera kunyumba. Chotchinga chilichonse chimachedwetsa, ndipo malinga ndi kafukufuku wa ku United States uja, chaka chilichonse chochedwa n'chopindulitsa. Maboma a mbali zonse ziwiri za malire athu anaiphunzira nkhaniyi movutikira pa nthawi ya masacheti, pomwe mowa waukali unkalowa m'thumba la yunifolomu pamtengo wa switi. Zambia inaletsa masachetiwa, omwe kumeneko amawatcha tujilijili, mu 2012, Malawi inatsatira mu 2015. Lamulo lathu limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka zimenezi ndi mwana. Kungakhale kusokoneza kwakukulu kuti zomwe wogulitsa waletsedwa kuchita, kholo lizichita pakhonde pake.

Kutsutsa kwina kumachokera ku chikhalidwe, ndipo n'koyenera kukuyankha mwaulemu. Achewa ndi Angoni a m'boma lino, kwa Mkanda, kwa Mavwere, kwa Mlonyeni, kwa Zulu, akhala ndi mowa kuyambira kale. Unalipo pa dima, unalipo pa bona, unalipo pa ukwati, ndipo ena amati mwana wokulira pafupi ndi mtsuko sankaudabwa. Koma tiyeni tione mowawo unali wotani. Masese ankafuna chimera, nkhuni, madzi ndi masiku angapo a ntchito ya amayi. Mphamvu yake inali yochepa, ankadzaza m'mimba munthu asanafike patali, ndipo mtsuko ukatha, watha mpaka chochitika china. Pabwalo pankakhala dongosolo la yemwe ayambe ndi yemwe atsatire, ndipo ana anali ndi chakumwa chawo, thobwa, lomwe limachokera ku chimera chomwecho koma limamwedwa lisanasase. Kukhalapo kwa thobwa kukusonyeza kuti makolo athu anasiyanitsa chakumwa cha ana ndi cha akulu. Mowa womwe mnyamata wa lero akuulirira ndi wina: kachasu yemwe mphamvu yake palibe anaiyeza, kapena wa m'timabotolo wa mphamvu yofika 40 pa 100, wopezeka tsiku lililonse kuyambira m'mawa.

Pali nyumba zina zomwe nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, ndipo sindikufuna kuzilambalala. Mayi wotcheza kachasu kuti apeze fizi ndi feteleza sangauchotse mowa pakhomo, poti ndiwo ukudyetsa banja. Mwana wake ndiye amasonkhezera moto pansi pa mgolo, amatsuka mabotolo, amathira m'makapu a makasitomala, ndipo nthawi zina amauzidwa kuti alawe ngati wakwana. Mayiyu sitingamuweruze titakhuta. Komabe ngakhale iye angathe kuika malire: mwana atunge madzi ndi kutola nkhuni, koma kulawa ndi kuthirira oledzera ikhale ntchito ya akulu. N'chimodzimodzinso bambo wotuma mwana kukagula botolo usiku, n'kumusiyira kotsalira pansi ngati malipiro. Iyeyu sananenepo kuti walola mwana kumwa, koma mwanayo wadziwa njira, wadziwana ndi wogulitsa, wadziwanso mtengo.

Kukana kokha sikukwanira, ndipo apa makolo oopa aja akunena zoona. Dziko la Iceland linali ndi vuto lalikulu mu 1998, pomwe 42 pa 100 alionse a ana a zaka 15 ndi 16 ankavomera kuti analedzerapo m'mwezi wapitawo. Pofika 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 5. Kumeneko sanaphunzitse ana kumwa bwino. Makolo anagwirizana kuti palibe wogulira mwana mowa, boma linaika nthawi yoti ana akhale atalowa m'nyumba usiku, ndalama zinapita ku masewera ndi nyimbo, ndipo makolo analimbikitsidwa kudziwa anzawo a ana awo ndi komwe ali. Iceland ndi dziko lolemera, koma mbali yaikulu ya zomwe anachitazi sifuna ndalama. Imafuna kuti makolo a mudzi umodzi alankhule chimodzi, kuti mwana wokanizidwa pakhomo pake asakapatsidwe pakhomo la amalume ake. Mabwalo okambira zotere tili nawo kale: nyakwawa ndi nduna zake, makomiti a makolo ndi aphunzitsi, magulu a amayi a m'sukulu, miphakati ndi mabungwe a m'mipingo. Pamsonkhano wa mudzi nyengo yogulitsa mtedza isanafike, anthu angathe kugwirizana kuti wogulitsa kachasu kwa mwana wa sukulu akayankhe kwa mfumu, ndiponso kuti wamkulu aliyense wopeza mwana pamalo omwera mowa ali ndi ufulu womubweza kwawo.