Kodi wakufa timamulemekeza ndi chiyani?

Anzanga amene muli ku Birmingham kapena ku Johannesburg, mwina mumagula m'sitolo ya munthu wa ku Pakistan. Tsiku lina mudzamufunse za Muhammad Ali Jinnah. Loya ameneyu, yemwe anaphunzira ku Lincoln's Inn ku London, ndiye anatsogolera Asilamu a ku India mpaka dziko la Pakistan linabadwa pa 14 Ogasiti 1947. Anamwalira pa 11 Seputembala 1948. Lero nkhope yake ili pa ndalama zawo, ndipo manda ake ku Karachi ndi chinyumba chachikulu cha miyala yoyera mbee.

Koma kodi ulemu wonse n'kumanga manda okongola?

Pa 11 Ogasiti 1947, Jinnah anauza aphungu kuti aliyense apembedze kumene akufuna, poti chipembedzo cha munthu si nkhani ya boma. Nduna yoyamba ya zamalamulo, Jogendra Nath Mandal, inali Mhindu. Ya zakunja, Zafrullah Khan, inali ya gulu la Ahmadiyya. Koma mu 1950 Mandal anatula pansi udindo n'kusamukira ku India, ndipo mu 1974 malamulo a dzikolo analengeza kuti anthu a Ahmadiyya si Asilamu.

Mwaonatu? Kupenta manda n'kosavuta, chifukwa wakufa sadzudzula. Chovuta n'kusunga mawu ake pamene sakutikomera.

Inunso muli nawo akuluakulu amene mumawatchula monyadira kuchilendo kuno. Musanaike chithunzi chawo pa WhatsApp, dzifunseni kuti ndi mawu awo ati amene mukuwatsata lero, makamaka kwa mnansi wosiyana nanu chipembedzo.