Mkwiyo wa mnyamata umafuna potulukira



Tikaona anyamata atapanga bwalo pamsewu, wina akuzungulira mutu uli pansi miyendo m'mwamba, tiziti asochera kapena apeza populumukira?

Gule ameneyu amatchedwa breaking, ndipo anabadwira ku Bronx mumzinda wa New York m'zaka za m'ma 1970. Nthawi imeneyo kuderako kunali koipa. Msewu waukulu wa Cross Bronx Expressway unali utasamutsa mabanja ambirimbiri, ntchito zinasowa, nyumba zinkapsa kawirikawiri, magulu a anyamata ankamenyana polimbirana madera. Pa 11 August 1973, DJ Kool Herc anaika nyimbo paphwando lina ku 1520 Sedgwick Avenue. Luso lomwe anatchuka nalo linali lobwereza kachigawo ka nyimbo komwe ng'oma zimalira zokha, pogwiritsa ntchito malekodi awiri ofanana. Ovina ankalowa m'bwalo pa kachigawo komweko.

Ine chomwe chimandipatsa chidwi ndi lamulo la m'bwalomo. Awiri amapikisana maso ndi maso, amaderezana ndi manja, thukuta lili kamukamu, koma kukhudzana ayi. Ukamukankha mnzako, ndiwe wagonja pamaso pa anthu. Sindikunena kuti guleyu anathetsa ndewu zonse, ayi. Koma taganizani: mnyamata wokwiya, wopanda ntchito, akuyeserera sitepe imodzi miyezi ingapo, kugwa ndi kudzuka, kuti akagonjetse mnzake osamumenya. Si kudzigwira kumeneko? Paja timaphunzitsidwa kuti wamphamvu weniweni ndi amene amaugwira mtima akakwiya.

Zodetsa nkhawa zilipo, tisanamizane. Nyimbo zina ndi zotukwana, mavalidwe ena ndi osalongosoka, ndipo kuwomberedwa m'manja kumabala kudzitukumula. Wina akhoza kukomedwa mpaka nthawi ya swala kumudutsa. Zimenezi n'zofunika kudzudzula, ndipo amene wasankha kusavina chifukwa cha Deen yake tisamuseke.

Komabe kuletsa n'kosavuta, abale anga. Chovuta ndi funso lotsatira: tikamuchotsa pabwalopo, timupatsa chiyani? Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Mtandire amene walemba MSCE n'kukhala pakhomo ali ndi mphamvu zomwe sizingakhale phee. Zikasowa kolowera zimapita ku chamba, kachasu kapena kubetcha. Madzi ukawatsekera osawakumbira ngalande amagumula nyumba.

Mu 2024 breaking inalowa m'masewera a Olympics ku Paris, zaka zoposa 50 chiyambireni. Ana omwe anthu ankawaona ngati otayika anasiyira dziko luso.

Ndiye tisanamutchule mnyamata uja kuti ndi mbuli, tiime kaye pambali pa bwalolo, timufunse dzina, timve zomwe zikumuwawa. Langizo limalowa bwino likachokera kwa munthu amene anayamba wamvetsera. Allah atipatse nzeru zoweruza mwachifundo. Ameen.