Kunena kuti "ine" pa intavyu: ndi kudzitama kodi?



Chaka ndi chaka achinyamata akutuluka ku University of Malawi kuno ku Zomba, digiri ili m'manja koma ntchito kulibe. Ena atatopa n'kuponya makalata m'maofesi a ku Blantyre ndi Lilongwe, ayamba kuyang'ana makampani akuluakulu ogulitsa katundu pa intaneti. Amazon inatsegula sitolo yake ya ku South Africa mu May 2024, ndipo ili ndi maofesi ku Cape Town, komwenso kuli likulu la Takealot. Nkhani yanga lero ndi mmene Amazon imafunsira anthu ofuna ntchito, chifukwa muli funso lokhudza khalidwe lathu.

Kampaniyi ili ndi mfundo 16 za utsogoleri, ndipo mafunso ambiri amachokera pamenepo. Sataya nthawi kukufunsa ngati ndiwe wolimbikira ntchito. Amati utiuze nthawi imene unalephera, kapena tsiku limene unasemphana maganizo ndi bwana wako. Yankho amafuna lidutse njira imene amaitcha STAR: zinthu zinali bwanji, udindo wako unali wotani, iweyo unachitapo chiyani, ndipo zinatha bwanji. Gawo lomaliza umacheza ndi anthu angapo motsatizana, ndipo mmodzi mwa iwo, wotchedwa Bar Raiser, amachokera kunja kwa gulu limene ukufuna kulowamo. Amene anadutsamo amatchula chinthu chimodzi kawirikawiri: ukamangoti "tinachita", amakudula n'kufunsa kuti iweyo unachita chiyani.

Apa mpamene Mmalawi amagwira njakata. Tinaleredwa kuti mwana waulemu sadzitchula. Ukakhoza mayeso umati ndi aphunzitsi, ukamanga nyumba umati ndi abale. Kunena kuti "ine ndinachita" kumamveka ngati matama. Ndiye ena amafika pa intavyu n'kubisa zonse zimene amadziwa, n'kubwerako chimanjamanja. Enanso amagwera mbali ina. Amaona kuti nkhani zawo n'zazing'ono, ndiye amapeka zazikulu, mwina mothandizidwa ndi ChatGPT: gulu la anthu amene sanawatsogolerepo, phindu limene sanalionepo.

Ine ndimaona kuti onse awiriwa aphonya pamalo amodzi. Wofunsa akufuna kudziwa munthu amene amupatse makasitomala, ndalama ndi makiyi. Wopeka wamuonetsa munthu amene kulibe. Wobisa wamubisira munthu amene alipo. Kubisako si tchimo lofanana ndi bodza, koma sikuti ndiye kudzichepetsa ayi.

Tikumbukire Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye. Mu Surah Yusuf timamva kuti iye mwini anapempha mfumu ya Iguputo kuti imuike kuyang'anira nkhokwe za dziko, ndipo anatchula poyera kuti kusunga amatha, ntchitoyo amaidziwa. Sanadikire wina kuti amuyankhulire. Zimene ananena zinali zoona, ndipo kutsogolo kunali zaka zisanu ndi ziwiri za njala zimene zikanapha anthu ntchitoyo ikanagwera m'manja olakwika. Kudzitama ndi kufuna kuti anthu akugomere. Kunena zimene umatha pamene wafunsidwa, pa ntchito imene ena adzadalira, ndi umboni basi.

Wina anena kuti, "Koma akulu, ine ndilibe nkhani." Zoona? Tiyerekeze mtsikana wa ku Chinamwali amene amagulitsa zitenje pa WhatsApp. Kasitomala watumiza ndalama pa Airtel Money, katundu wasochera pa minibasi ya ku Liwonde. Iye wabweza ndalamazo kuchokera m'thumba mwake, kenako wayamba kujambula katundu ndi nambala ya galimoto asanatumize. Imeneyotu ndi STAR yathunthu, ndipo mfundo yoyamba ya Amazon ndi yoika kasitomala patsogolo. Mnyamata woperekeza alendo ku Chingwe's Hole paphiri la Zomba, amene anawabweza chifunga chitatseka njira ngakhale ankadziwa kuti malipiro achepa, nayenso ali ndi nkhani. Nkhani yoona imapirira mafunso. Akakufunsa kuti zinali ndalama zingati, unauza ndani, unamva bwanji, umangokumbukira. Yopeka imafuna bodza lina pa funso lililonse.

Sindikunamizani: nthawi zina wabodza amalembedwa, woona mtima n'kutsala. Zimawawa, makamaka pamene kunyumba akudikira fizi ya mng'ono wako ndipo bandulo ya intavyu unachita kukongola. Koma taganizani zimene wabodzayo wagula. Mwezi uliwonse alandira malipiro a munthu amene iye sali, ndipo tsiku lililonse aopa kupatsidwa ntchito imene ananena kuti anaichitapo. Rizq yathu ili m'manja mwa Allah. Chimene chili m'manja mwathu ndi khomo limene tikailandirire.

Choncho ngati intavyu ikubwera, khalani pansi ndi kope. Lembani nkhani zanu zenizeni zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo ina imene zinakukanikani. Pamene munachita nokha, nenani kuti "ine". Pamene anakuthandizani, atchuleni. Musawonjezere, musachotsere.

Allah atsegulire makomo a halal onse amene akufunafuna ntchito. Ameen.